Botolo la Shuga

"Ndinu, Atelala! Mwapha mwana wa eni ndinu!"

Kadiso anakuwa chala chili pamphumi pa mayiyo. Kumbuyo kwake, pansi pa magetsi akuluakulu ojambulira, Mphira anali kugubuduka pasimenti, manja ali kumaso, magazi akutuluka m'mipata ya zala.

Linali Lachinayi masana, m'nyumba yakale yosungiramo katundu imene anabwereka kuti ajambuliremo vidiyo ya nyimbo yatsopano ya Mphenzi. Mphenziyo anali mchimwene wake wa Kadiso, woyimba wa mawu okoma ndi mtima wapachala. Kadiso, mlongo wakeyo, ndiye anali mjambuli. Mphira anali wovina, mnyamata wa thupi lopindika ngati lilibe mafupa, amene atsikana ankadzaza holo kudzaona nkhope yake.

Chithunzi chimene ankasaka chinali chimodzi: Mphenzi aphwanye botolo pamutu pa Mphira, zidutswa ziuluke pang'onopang'ono ngati mvula ya nyenyezi. Mabotolowo sanali agalasi. Anali a shuga wophika, opepuka, osweka ndi chala. Amene ankawaumba anali Atelala, mayi wamasiye amene ankawasokeranso zovala. Awiri oyamba anasweka bwinobwino, Mphira n'kudzuka akuseka, akunyambita shuga paphewa. Lachitatu linalira mwamtundu wina. Linali lagalasi.

"Mwana wanga, ine ndaika la shuga," Atelala anatero. "Ndalitulutsa m'bokosi la ayezi ndi manja angawa."

"Musanditchule mwana wanu! Lagalasi lija munapangira chikombole lili kuti? Si mumayenda nalo m'chikwama?"

"Ndalisiya kunyumba."

"Bodza! Dzulo Mphira atakusekani kuti buluku lomwe munasoka lang'ambika kumbuyo, munati chiyani? Simunati adzaona?"

"Iii, kumeneko kunali kucheza..."

Mbama ya Kadiso inalira ngati thabwa lathyoka. Mpango wa Atelala unagwa pansi, imvi zonse poyera. Ovina ena anayang'ana kumbali. Kadiso analanda chikwama n'kuchikhuthula pasimenti: ulusi, sizasi, choko, mapilitsi a kuthamanga kwa magazi. Botolo munalibe.

"Mwaona? Mulibemo chifukwa ndi lomwe laswekali!"

Mphenzi anali atagwada pambali pa Mphira, jekete lake lalitali la vidiyo likukwekwerezeka m'magazi. "M'bale wanga! M'bale wanga, usandisiye!" Anamunyamula yekha mpaka m'galimoto. Onse anaona misozi yake.

Apolisi anafika magetsi asanazizire. Amene ankawatsogolera anali Sajeni wina wamfupi, wolankhula ngati akutafuna mawu. Anamva mbali zonse, anatola khosi la botolo ndi kansalu, n'kuuza Atelala kuti akwere kumbuyo kwa galimoto.

"Kamera inajambula?" anafunsa Kadiso.

"Inajambula."

"Mawa mundibweretsere."

Lachisanu m'mawa Kadiso anadzitsekera m'kachipinda kake kolumikiziramo zithunzi, kuseri kwa nyumba ya mchimwene wake. Mtima unali udakali m'mwamba. Ankafuna kuti Sajeni aone bwinobwino zimene nkhalamba ija inachita.

Kamera anabwerekayo sinali ngati zinzake. Imameza zithunzi chikwi pa sekondi imodzi, ndiye mimba yake imadzaza msanga. Choncho siidikira kuti munthu aiyambitse. Ukangoiyatsa imajambula osapuma, ikutaya zakale, ndipo mjambuli amadina batani chinthu chitachitika kale. Ikatero imasunga masekondi angapo a m'mbuyo. Chala cha Kadiso chinadina mwachizolowezi Mphira akugwa. Masiku onse zakumayambirirozo ankazidumpha, pakuti zimakhala za anthu akungoima. Tsikuli anayambira pachiyambi penipeni.

Anakumbukira nthawi yake. Getsi limodzi linaphethira, iye n'kutembenuka kukalipira wa magetsi. Kamera sinatembenuke.

Pakanema panaoneka tebulo. Dzanja la Atelala linaikapo botolo, lochita thukuta la ayezi, n'kuchoka. Mphira anali atatsinzina monga anamuuzira, kuti shuga asalowe m'maso. Kenako diso la Mphenzi linayenda pang'onopang'ono kuloza kumene kunali mlongo wake. Linapeza msana. Jekete linatseguka ngati chitseko cha nyumba ya maliro. Dzanja lamanzere linatenga la shuga n'kulilowetsa m'thumba lamkati. Lamanja linatulutsa lina.

Pamaso pa anthu kunali kuphethira kumodzi. Pakanema zinatenga nthawi yokwanira kuimba vesi yonse ya nyimbo. Kadiso anaona minyewa ya mkono ikulimba polandira kulemera kwa galasi. Anaona mano akuluma mlomo. Anaona botolo likusiya pamutu, pamene anagwirizana, n'kutsika kulunjika kumaso.

Anasanza m'chitini cha zinyalala.

Anakhala pansi, msana kukhoma. Achimwene amenewa ndi amene anasiya sukulu bambo atamwalira kuti iye aphunzire. Ndi amene anamugulira kamera yoyamba, yothyoka chivundikiro. Denga limene linali pamutu pakelo linali lawo. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Dzanja lake, lomwe lija la mbama, linagwira mbewa ya kompyuta. Linadula mutu wonse wa filimuyo, n'kusiya poyambira botolo lili kale m'mwamba.

Masana ake anali kupolisi. Sajeni anaonera kawiri, chibwano chili m'manja.

"Yayambira pomwepa?"

"Eya, bwana."

"Kamera yanzeru. Yodziwa poyambira." Anatulutsa kachipangizo kosungira filimuyo n'kukaponya m'dirowa. "Mayi aja apita kukhoti Lolemba. Kuvulaza munthu. Umboni wanu ndi umene wawamanga, ndiye mudzabwere mudzaubwereze."

Potuluka, njira inali yodutsa pachitolokosi cha amayi. Kadiso anafulumiza mapazi, nkhope ili pansi. Sizinathandize.

"Kadiso!"

Atelala anali khale pasimenti, opanda nsapato, tsaya limodzi lotupa. Kadiso anayembekezera temberero. Akanalilandira ndi manja awiri.

"Mwana uja ali bwanji? Akuona?"

Kadiso anathawa ngati wakuba nkhuku.

Anathawira kuchipatala, kumene kunali koipa koposa. Mphira anali gone chagada, mutu wonse m'mabandeji, diso limodzi lokha likusuzumira. Linzake madokotala anali atalichotsa.

"Bwana mjambuli," anayesa kuseka. "Chithunzi chatuluka? Musandiuze kuti ndiyambirenso."



"Tsoka ndi tsoka," Mphira anapitiriza. "Sabata yatha ndinawauza achimwene ako kuti vidiyo ino ndi yomaliza, ndikukayamba gulu langa. Ndinkaopa kuti akwiya. Koma anandikumbatira. Anati tiimalize mwamphamvu, anthu asadzandiiwale." Diso lija linatembenukira kwa Kadiso. "Atelala asawazunze. Sangachite dala. Angokalamba basi, anasokoneza mabotolo."

Kwa Kadiso tulo sitinabwere. Chakudya chinakana kutsika. Nkhope yake yomwe, akaiona pagalasi la kompyuta yozima, ankaitembenukira kumbali.

Loweruka m'mawa Mphenzi analowa m'kachipinda muja osagogoda, foni ili m'manja, akununkhira mafuta atsopano.

"Mlongo wanga, foni sikupuma! Aliyense wamva, aliyense akufuna kuona. Vidiyo ituluke mawa."

"Ndiika botolo lachiwiri. Linasweka bwino."

"Lachiwiri la chiyani? Ika lachitatu."

Kadiso anatembenuka pampando. "La magazi?"

"Ndi limene anthu akufuna, iwe. Za shuga ndi za ana. Pansi pake tilembe kuti tikumupempherera m'bale wathu. Naye zimuthandiza, atchuka."

"Diso alibe, achimwene."

"Nanga ndalichotsa ndine? Kafunse anzako a mabotolo." Anamusisita pamutu monga ankachitira ali wamng'ono. "Unagwira ntchito tsiku lija. Mbama ija ndinainyadira."

Apa ndi pamene mkhate unasweka. Koma mawu a Kadiso anatuluka ozizira.

"Bwerani ikakwana thuu koloko. Mudzalipeza lonse."

Mphenzi atangotuluka, Kadiso anaimbira Sajeni.

Thuu koloko itakwana, Mphenzi anapeza alendo awiri m'kachipindamo: Sajeni ndi wapolisi wamkazi wamtali amene anaima pafupi ndi chitseko. Sanadzidzimuke. Anawagwira chanza ndi manja awiri.

"Bwana! Mwabwera kudzaona luso la mlongo wanga? Khalani apa. Mwanayu ndamulera ndekha."

"Tione," anatero Sajeni.

Kadiso anadina. Tebulo. Dzanja la Atelala. Botolo la thukuta. Kumwetulira kwa Mphenzi kunayamba kuuma. Diso lake pakanema linayamba ulendo wake waulesi uja. Jekete linatseguka.

"Zimitsa!" Mphenzi anadumpha. "Zimenezi zachokera kuti? Unali usananene kuti tiyambe! Unali utatembenuka, ndinakuona!"

"Munandiona, eti?" Sajeni anafunsa mofatsa, maso osachoka pakanema. "Khalani pansi, bambo. Filimu sinathe."

"Ndi zopanga izi! Pakompyuta amapanga chilichonse! Mtsikanayu amandichitira nsanje!"

"Jekete lili kuti?"

"Ndinalitaya. Linali ndi magazi."

"Galimoto ndi yomwe ili panjayi?"

Anatuluka onse. Sanafunikire kusaka. Mzere wa nyerere unachokera m'kapinga, n'kukwera tayala lakumbuyo, n'kulowa pampata wa buti ngati anthu opita kuukwati. Wapolisi wamkazi anatsegula. Jekete linali lopindidwa pansi pa tayala lapadera. Sajeni anapisa dzanja m'thumba lamkati, n'kutulutsa zidutswa zobiriwira, zomata, zakuda ndi nyerere. Ananunkhiza.

"Thumba lalikulu bwanji," anatero. "Anasoka ndani?"

Kadiso ankadziwa. Anasoka Atelala, Mphenzi atawapempha yekha, ati la foni.

Unyolo unalira m'manja mwa Mphenzi. Apa ndi pamene woyimba uja anataya mawu ake okoma.

"Mphira ndinamutola akuvina pamsika, alibe nsapato! Ndamupanga munthu ndine! Lero anthu azibwera kudansi yanga kudzakuwira iye? Azichoka ndi anthu anga?" Anatembenukira mlongo wake, malovu akuthovoka. "Ndipo iwe! Galu woluma mbuye wake! Wadya zanga, wagona m'nyumba mwanga! Bambo akanakhala moyo..."

"Akanakumangani okha," Kadiso anayankha, koma mawuwo sanamukomere. Analibe poimira.

Anthu oyandikana nawo anali atadzaza pampanda, mafoni m'mwamba. Mphenzi, amene moyo wake wonse ankathamangira kamera, anabisa nkhope m'khwapa.

Sajeni anamulowetsa m'galimoto ya apolisi n'kutseka chitseko, kenako anatsegula china.

"Nanunso kwerani, amayi. Dzulo munandipatsa njoka yopanda mutu. Mukafotokoze kuti mutuwo munausungiranji. Ndipo pali tsaya la munthu lotupa, lomwe mwini wake sanadandaulebe."

Kadiso anakwera osatsutsa.

Kupolisi anamukhazika pabenchi la pakhonde. Anamva loko akutsegulidwa, kenako mapazi opanda nsapato akubwera pang'onopang'ono. Atelala anatulukira, wapolisi akuwapatsa chikwama chawo ndi nsapato zawo. Anali atachepa thupi m'masiku awiri okha. Anakhala kumapeto kwa benchi lomwelo n'kuyamba kuvala, chala chikulephera kukoka chidendene cha nsapato.

Kadiso anatsetsereka n'kugwada pasimenti. Anafuna kuwathandiza. Atelala anabweza phazi.

"Amayi, ndakulakwirani. Ndimenyeni. Kadandauleni, ndivomera zonse."

Atelala anamaliza kuvala okha. Anamanga mpango bwinobwino, anaika chikwama pamiyendo. Kenako anamuyang'ana, koyamba.

"Andiuza zonse. Akuti unaona dzulo m'mawa. Ndiye pamene unkadutsa apa ndikukufunsa za mwana uja, unali ukudziwa."

Kadiso anayang'ana simenti.

"Mbama ndilibe nayo mawu, unali ndi mantha. Koma ndakusokera yunifolomu uli kamtsikana, ndakuyeza m'chiuno ndi manja anga. Tinalipo anthu ambirimbiri m'nyumba muja, ndipo chala chako sichinazungulire n'komwe. Chinabwera molunjika kwa ine, chifukwa ndine wopanda mwamuna, wopanda galimoto, wopanda wondiyankhira." Mawu awo sanakwere. "Tsono ndiuze chimodzi, ndizipita. Kamera ija ikanakhala yophethira ngati iwe, Lolemba ukanaima m'khoti n'kulumbira pa ine?"

Sajeni, amene anali patebulo chapafupi, anasiya kulemba.

"Usayang'ane pansi, palibe chimene wataya pamenepo. Dzutsa nkhope. Ndiyankhe!"