Lufina Achingamira Mbalame

Lufina anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ndi amayi ake pafupi ndi boma la Ntcheu. Lufina ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti agogo ake asapite.

Agogowo anali bambo a amayi ake. Kwawo kunali ku Champiti. Kumeneko ankakhala okhaokha. Anabwera mwendo ukuwapweteka. Anapita kuchipatala. Analandira mankhwala. Tsopano anali atayamba kupeza bwino.

Kale agogo ankagwira ntchito kumigodi ku Joni. Kumigodi kunali phokoso lalikulu. Choncho agogo anazolowera kufuula. Moni ankafuula. Zikomo ankafuula. Ngakhale pemphero la chakudya ankafuula. Akatsokomola, nkhuku zinkathawa. Lufina ankawakonda choncho.

Lolemba m'mawa agogo anamaliza kumwa tiyi. Anaika kapu pansi.

"Loweruka ndikupita kwathu!" anatero agogo.

"Bambo, khalani konkuno," anatero amayi. "Kumudzi mukakhala ndi ndani? Akakuphikirani ndani?"

"Mlendo ndi mame, mwana wanga. Sachedwa kukamuka."

Lufina anamva chisoni. Anasendera pafupi.

"Agogo, kuno chakuipirani n'chiyani?"

"Palibe choipa, mdzukulu wanga. Koma ndasowa mbalame. Kwathu ndimadzutsidwa ndi njiwa. Kuno ndimadzutsidwa ndi malole a mumsewu. Mtima wanga sukukhazikika."

Lufina anaganiza. Anaganizanso.

"Mbalame zikabwera, agogo sapita," anadziuza yekha.

Kuseri kwa nyumba kunali kadimba. Munali mpiru. Munali tomato. Munali mtengo wa gwafa ndi mtengo wa papaya. Lufina anati alendo ake afikire mmenemo.

Kulandira alendo Lufina ankakudziwa bwino. Amayi anamuphunzitsa. Mlendo timamuchingamira. Mlendo timamuyalira mphasa. Mlendo timamupatsa moni mwaulemu. Anthu onse ankati, "Lufina ndi mwana wa ulemu." Ndiye mbalame zikanamuvuta pati?

Lachiwiri Lufina anabwera kuchokera kusukulu. Anasuzumira kudimba. Anaona njiwa! Inatera pafupi ndi mpanda. Inkayenda pang'onopang'ono. Inkatola timbewu.

Lufina anathamanga kukaichingamira.

"Fikani, fikani! Takulandirani!"

Pha, pha, pha! Njiwa inauluka. Sinacheuke n'komwe.

Lufina anagwira m'chiuno.

"Mlendo wanji wosayankha moni?" anadandaula.

Lachitatu Lufina anatenga mphasa yatsopano. Inali mphasa ya alendo. Anaiyala pakati pa dimba. Anaikapo mbale ya madeya. Anaikapo beseni lodzaza madzi. Kenako anaima pomwepo. Anayang'ana kumwamba.

"Bwerani, zonse zakonzeka!" anaitana.

Alendo anabweradi. Koma sanachokere kumwamba. Anachokera kukhola. Thadzi linabwera ndi anapiye ake. Tambala anabwera akuthamanga. Anaponda m'mbale. Madeya anamwazika. Mwanapiye mmodzi anagwera m'beseni. Lufina anamuvuula ali chonyowa.

Amayi anatuluka m'khitchini.

"Lufina! Si mphasa ya alendo imeneyo?"

"Ndayalira alendo, amayi."

"Alendo ake nkhukuzi?"

Amayi anafuna kukalipa. Koma kuseka kunawaposa mphamvu. Anaseka mpaka anagwira nthiti. Lufina sanaseke. Anakolopa mphasa yonse yekha.

Lachinayi Lufina anachenjera pang'ono. Anapempha papaya lakupsa. Amayi analidula pakati, namupatsa theka. Lufina anakwera pa chitsa. Anaika papaya pa mphanda ya mtengo wa gwafa. Pamenepo nkhuku sizikanafika.

Posakhalitsa kunabwera pumbwa. Mutu wake unali wakuda. Kunsi kwa mchira kunali kwachikasu. Anajompha papaya kamodzi. Anajomphanso kachiwiri.

Mlendo wadya! Tsopano Lufina sanathamange. Sanafuule. Anagwada bwinobwino. Anawomba m'manja mwaulemu, monga amachitira kwa akuluakulu.

Phu, phu, phu!

"Wawa, a pumbwa!"

Pha, pha, pha! Pumbwa anauluka. Papaya analisiya pomwepo.

Lufina anayang'ana manja ake. Analakwa chiyani? Kuchingamira, ayi. Mphasa, ayi. Kuwomba m'manja, ayinso. Alendo amenewa anali ovuta ndithu.

Lachisanu linafika. Agogo anachapa malaya awo. Anapukuta nsapato. Anapinda bulangete. Anaika zonse m'chikwama.

"Mawa a Silvester abwera ndi kabaza!" anafuula agogo. "Akandisiya pokwerera minibasi!"

Lufina anapita kuseri kwa nyumba. Anakhala pansi, natsamira khoma. Misozi inatsika. Sanafune kusewera. Sanafune kuitana mbalame. Anangokhala phee.

Kunkatentha kwambiri. Unali mwezi wa Okutobala. Patsogolo pake panali thandala. Amayi anali atangotsuka mbale. Madzi ankadontha kuchokera pa thandala.

Tho. Tho. Tho.

Pansi panali kachithaphwi kakang'ono.

Mwadzidzidzi panatera kambalame. Kanali kakang'ono ngati chala chachikulu cha agogo. Kanali kofiira. Inali mpheta. Inayang'ana uku. Inayang'ana uko. Kenako inamwa madzi.

Lufina anali atatopa. Sanapereke moni. Anangoyang'ana.

Panatera mpheta ina. Panateranso ina. Zinakwana zisanu. Zinamwa. Zinasamba. Zinakupiza timapiko. Madzi anamwazikira mbali zonse.

Pa mpanda panali gulo wa mutu wobiriwira. Ankagwedeza mutu, mmwamba, pansi, mmwamba, pansi. Nayenso sanathawe.

Lufina anadabwa. Anakweza dzanja kuti apukute misozi. Mpheta zonse zinauluka. Anatsitsa dzanja. Anakhalanso phee. Anadikira. Mpheta zinabwerera!

Anayesanso. Anagwedeza phazi. Zinauluka. Anakhala phee. Zinabwerera.

"Ohoo!" anatero chamumtima. "Alendo awa safuna moni. Safuna mphasa. Akufuna madzi ochepa. Akufuna munthu wokhala chete."

Lufina anathamangira kwa amayi.

"Amayi, mphika unasweka uja uli kuti?"

"Uli kuseri kwa khitchini. Ukufuna utani nawo?"

"Ndikufuna phale lake. Ndiponso, amayi, mawa nkhuku musazitsekulire msanga."

"Alendo aja abweranso?" anafunsa amayi akumwetulira.

"Abwera, amayi. Tsopano ndawadziwa."

Lufina anatsuka phale. Anaikamo timiyala. Anathiramo madzi pang'ono. Analiika pa chitsa, pansi pa mtengo wa gwafa. Anawaza mapira pang'ono pambali. Anaika papaya lina pa mphanda. Kenako anaika benchi patali, pafupi ndi khoma.

Loweruka Lufina anadzuka dzuwa likungotuluka. Agogo anali atavala kale jekete. Chikwama chinali pakhomo.

Lufina anagwada.

"Agogo, tiyeni kudimba."

"Kukatani?" anafuula agogo.

"Muona konko. Koma pepani, agogo. Ndikupempha chinthu chovuta."

"Nena!"

"Musalankhule."

Agogo anatong'ola maso. Mwana kuletsa mkulu kulankhula! Zoterezi anali asanazimvepo. Anayang'ana Lufina. Anaona kuti maso ake ali ndi misozi. Anatseka pakamwa. Anatenga ndodo yawo.

Lufina anawagwira dzanja. Anayenda pang'onopang'ono. Anakhala pa benchi.

Anadikira.

Kunalibe mbalame.

Anadikirabe.

Lole inadutsa kumsewu. Galu anauwa kutali. Pa phale panalibe kanthu. Lufina anachita mantha. Nanga zikapanda kubwera?

Agogo anatsekula pakamwa. Lufina anaika chala pa mlomo wake. Agogo anatsekanso. Kenako anawerama. Anafika pa khutu la Lufina.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero.

Lufina anadabwa. Agogo anong'ona! Kani amatha!

Nthawi yomweyo panatera mpheta. Inaima pa kamwala. Inamwa madzi. Zinzake zinatsatira. Phale linadzaza timbalame tofiira.

Kenako kunabwera atimba awiri. Ankadumpha pa nthambi. Michira yawo inali njo!

Kenako kunabwera pumbwa. Anapita molunjika pa papaya. Anadya ngati mwini wake.

Gologolo anathamanga pamwamba pa mpanda. Anaima. Anatukula mchira. Anayang'ana agogo. Agogo anamuyang'ananso.

Pomaliza kunabwera njiwa ziwiri. Zinatola mapira. Imodzi inakwera mumtengo. Inatupitsa khosi.

Kukuu, kuu. Kukuu, kuu.

Agogo anatsinzina. Anamvetsera. Anagwira dzanja la Lufina mwamphamvu. Anali osangalala kwambiri.

Ngiri, ngiri, ngiri!

Linali belu la njinga. A Silvester anafika ndi kabaza wawo.

"Odi kuno! Agogo, tiyeni, minibasi ingatisiye!"

Pha, pha, pha! Mbalame zonse zinauluka. Gologolo anazimiririka. Pa phale panatsala madzi okha.

Amayi anabwera atanyamula chikwama. Lufina anazyolika. Agogo anaimirira ndi ndodo yawo.

"Agogo," anatero Lufina ndi mawu aang'ono, "mukupitabe?"

Agogo anayang'ana mumtengo. Anayang'ana phale.

"Anakonza zimenezi ndani?" anafunsa.

"Ndi Lufina," anayankha amayi. "Sabata yonse wakhala akuvutika nazo. Akuganiza kuti mbalame zikabwera, inu simupita."

Agogo anavula chipewa. Anachivalanso.

"Pumbwa uja sanamalize papaya," anatero. "Mawa abweranso. Ndikapita, ndidziwa bwanji kuti wamaliza?"

"Ndiye mukuti bwanji, bambo?" anafunsa amayi.

"Chikwamacho bwezani m'nyumba. Ine ndikhala."

Lufina anafuna kufuula. Anafuna kudumpha. Koma anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Anawakumbatira agogo m'chiuno, osatulutsa mawu.

"Nanga ulendo uja?" anafunsa a Silvester.

"Ulendo ulipo," anatero agogo. "Lolemba mukapereke uthenga ku Champiti. Anansi anga anditumizire mpando wanga wa ndalema. Benchi ili likundipweteka msana."

Amayi anaseka. Anapukuta maso ndi chitenje.

"Tsopano nonse khalani pansi," ananong'ona agogo. "Inunso, a Silvester. Belu lanulo ligwireni."

A Silvester anatsamiritsa njinga pakhoma. Anakhala pansi. Amayi anakhala pambali pa agogo. Lufina anakhala pakati.

Anthu anayi, onse phee.

Anadikira pang'ono.

Mpheta imodzi inatera pa phale.