Madisiki Amapasa

Madisiki amakonowa sazungulira ndipo mulibe kanthu koyenda m'kati mwake, choncho sayenera kulira. Koma Ingunn, wosunga mawu akale pa wailesi yaing'ono ya pachilumba china cha kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, anawamva akukwekwesa ngati khoswe kudenga. Inali nyengo yozizira ija dzuwa silituluka kumeneko, masana kuli bii, mphepo ikuwombetsa chipale pamawindo.

Kompyuta yake inali ya mtundu wosowa, imene malemu mwamuna wake, Torleif, anailumikiza yekha. Munali nyimbo ndi nkhani za asodzi okalamba, ambiri a iwo anatsikira kale kulichete. Munalinso mawu a Torleif mwini, ndipo kwina kulikonse kunalibe.

Torleif ankasunga zonse pa madisiki awiri olembedwa mofanana, kuti ina ikafa inzake itsale. Ankawagula kosiyana, miyezi yosiyananso, ndipo ankafuna pulogalamu ya m'kompyutamo ndiyo iziwayang'anira. Maliro atangotha, mng'ono wa malemuyo, Oddvar, uja amayankha asanafunsidwe, anati zimenezo n'zaumphawi. Anagula kadi yapadera yoyang'anira madisiki ndi madisiki awiri atsopano, nasamutsa zonse, akale aja n'kuwafufuta.

Kukwekwesa kutayamba, nyimbo ya mayi wina inasowa. Dzina lake linalipo, koma potsegula munali zii. Mawa lake anasowa mawu a msodzi amene anamira kalekale. Kusitolo anthu anayamba kunong'ona kuti akufa akubwera kudzatenga mawu awo. Ingunn anaseka nawo, koma mumtima anachita mantha, chifukwa zinkasowa motsatana, ndipo mzerewo unkalowera kwa Torleif.

Anaitana Oddvar. Magetsi a m'chipindamo anali ofooka, ndipo onse awiri ankalankhula motsitsa osadziwa chifukwa chake.

"Mlamu, mukudzivutitsa. Onani kanyali kobiriwirako, zonse zili bwino," anatero Oddvar.

Ingunn anati, "Kanyaliko n'kabodza. Kadi yanuyi siimvana ndi kompyuta iyi, yangoima pakhomo kubisa madisiki odwala. Madisikiwa munawagula liti?"

"Tsiku limodzi. Bokosinso limodzi."

"Ndiye akalamba limodzi, alamu anga anzeru. Ina ikagwa, inzake idzatsala bwanji?"

Oddvar anati, "Tichotse kadiyo basi."

"Mukaichotsa, ndani awerenge? Inalemba m'njira yakeyake, yodziwa yokha."

Ingunn sanadikirenso. Analowetsa kadisiki ka m'thumba nayamba kukopera mawu a Torleif. Kukwekwesa kunakula, kukumveka ngati kukuchokera m'khoma, kenako pansi pa mpando wake. Kamzere kosonyeza kukopera kanayenda pang'onopang'ono, kanafika pakati, n'kuima. Kanyali kaja kanali kakadali kobiriwira.

Oddvar anagwada n'kuzula chingwe cha magetsi kukhoma, poganiza kuti apulumutsa zotsala. Kompyuta inazima. Kukwekwesa kunaleka, ndipo chete amene anatsalayo anali woopsa kuposa phokoso lija.

Ndipo m'sipika ya pakhoma, yolumikizidwa ku kompyuta yozimayo, munamveka munthu akukoka mpweya, kenako kutsokomola kouma, kuja Torleif ankachita nthawi zonse asanayambe kulankhula. Ingunn anaimirira, misozi ili mbwembwembwe, kudikira kuti mwamuna wake anene kanthu.

Sananene. Oddvar anali akadagwada, chingwe chili m'manja.