Kadiso ka m'Kakanema ka Sopo

Akuti ukwati wa mwana wa Mayi Chikhosi unaphedwa ndi sopo. Nanenso poyamba ndinaseka, koma tamvani.

M'chaka cha 2058 kampani ya sopo wa Mbee inkagawa ulele timakatoni totchedwa tikanema. Ukatsegula, kagalasi kamkati kankayaka, mayi wina n'kuyamba kuchapa akuimba. Anthu akatopa nato ankangotaya.

Estere, wokonza mafoni pamsika wa Lunzu, ndiye ankatitola. Anang'amba kamodzi, n'kupeza kamtima kosunga zithunzi, n'kuphunzira kufufutamo za sopozo ndi kuikamo mauthenga oitanira anthu ku ukwati. Posakhalitsa makadi a ukwati apepala anasanduka a anthu otsalira.

Mayi Chikhosi, aja amayenda ngati nthaka ikuwanunkha, anafika ndi thumba la tikanema. Tina anatola kwawo, tina m'galimoto ya Gresham, yemwe ankafuna kukwatira mwana wawo Tiyesere.

"Amayi, mundipatse sabata," anatero Estere. "Muli kadiso umu. Kamajambula aliyense woonera, kuti a kampani adziwe okonda sopo wawo. Ndiyambe ndafufuta nkhopezo."

"Iwe wotola za kudzala undiphunzitse ine? Mawa ndipeze zatheka."

Zinathekadi. Kakanema kalikonse kankaonetsa Tiyesere ndi Gresham akumwetulira, kenako tsiku ndi tchalitchi. Koma ukakasiya chotsegula uthenga utatha, kankayamba kulavula nkhope zakale.

Kamene kanapita kwa a Mbendera, ankhoswe a Tiyesere, kanalavula Gresham wopanda malaya ali pampando, mayi wina atamutsamira, ana awiri pamiyendo. Wamng'onoyo mphuno ndi ya Gresham yeniyeni, ndipo mawu ake ankamveka bwinobwino: "Adadi, tsegulaninso aimbe."

A Mbendera ataitanitsa Gresham, mwamuna wopanda manyaziyo anati makina amanama.

"Chabwino, achimwene," anatero a Mbendera. "Ndiye kuti makinawa akuberekerani ana awiri."

Mayi Chikhosi anathamangira kumsika kukalalata kuti Estere ndi mfiti. Estere sanaweramuke n'komwe. "Ndinapempha sabata, amayi."

Gresham mpaka lero akukana. Amene anavomera ndi Mayi Chikhosi, kwa mwana wawo yemwe, Tiyesere atawapanikiza kukhitchini. Zoti Gresham ali ndi mkazi ku Zomba, uja wa m'kakanema, ankazidziwa kuyambira chaka chatha, koma anali atalengeza kale kwa amayi onse akumpingo kuti mkamwini wawo ali ndi galimoto yoyenda yokha.

Tiyesere anasamukira kwa azakhali ake. Sopo wa Mbee uja zovala sankayeretsa n'komwe, koma banja la a Chikhosi analichapa n'kuliyanika pamsewu.