Chitini cha Uchi

Dorica atatsegula pakamwa kuti ayambitse nyimbo, mawu ake adamveka ngati a munthu wolankhulira m'chikho. Ana a Sitandade 3 adayesa kudzigwira koma adalephera, ndipo kalasi yonse idaseka. Aphunzitsi awo, a Gilibati, adagogoda tebulo ndi kandodo.

"Khala pansi, Dorica. Kwatsala masiku asanu kuti titsekere sukulu. Ukapanda kuchira, nyimboyi adzayambitsa ndi Martina."

Munali m'mwezi wa Julayi, chaka cha 1956. Chaka chilichonse, mphepo yozizira ikayamba, makolo ake n'kuyambanso kusankha fodya m'chigafa, mphuno za Dorica zinkatsekeka. Pamphumi pankalemera ngati wasenza mwala, ndipo sankamva fungo la chilichonse. Ndiwo zinkatha kupserera iye ali chikhalire pambali pa moto.

Masana omwewo amayi ake, aNabanda, adapita naye kusitolo ya a Mbaraka pa Nathenje. A Mbaraka ankapalasa njinga kudutsa pa Mitundu kukatenga uchi kwa anthu opachika ming'oma m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama. Akazi awo, mayi Kuluthumu, anali pachinzake ndi aNabanda kuyambira kalekale. Mayiwo atamva za vutolo adalowa kuseri, n'kutuluka ndi chitini chodzaza zisa za njuchi zonyezimira uchi.

"Uzinyema kachidutswa konga chala changa chachikuluchi," adatero. "Uzitafuna pang'onopang'ono mpaka patsale phula lokha, kenako ulavule. M'mawa, masana ndi madzulo. Ukatha uzifukiza madzi otentha, utafunda nsalu, kuti nthunzi ilowe m'mphunomo. Malemu bambo anga ankachita zomwezi."

"Ndiye ndichira liti, mayi?"

"Chitinichi n'cha masabata awiri, mwanangu."

Dorica adathokoza atagwada, koma adakhumudwa. Masabata awiri sukulu idzakhala itatsekedwa kale.

Mawa lake atabwera kusukulu adapeza makolo ake ali kalikiliki m'chigafa. Adatenga chitini chija, nakakhala kuseri kwa nkhokwe. Adaganiza kuti ngati tizidutswa tating'ono tikuchiza pa masabata awiri, ndiye kuti chitini chonse chingachize tsiku lomwelo. Adanyema chisa choyamba, chachiwiri, chachitatu. Uchiwo udali wokoma zedi, moti phula lina ankangolimeza. Adaleka chala chake chitayamba kukanda pansi pa chitini.

Dzuwa lisanalowe m'mimba mudayamba kupota. Tsiku lotsatira sadapite n'komwe kusukulu, adangokhalira kuthamangira kuchimbudzi. Mphuno zidali zotsekeka monga kale. ANabanda adachipeza chitinicho kuseri kwa nkhokwe chitadzaza nyerere. Sadakalipe. Adachitsuka bwinobwino n'kuchiika pamphasa pomwe Dorica adagona.

"Chitini n'cha eni ake," adatero. "M'mimbamo mukaleka, ukabweze wekha."

Njira yopita kusitolo inali yaifupi, koma tsikulo Dorica adaiyenda ngati wamangidwa miyendo. Adapeza mayi Kuluthumu akupungulira mchere m'mabotolo. Adagwada, n'kupereka chitini ndi manja awiri, maso ali pansi.

"Watha kale?" adafunsa mayiwo. "Kapena abale ako adakuthandiza?"

Dorica akadatha kungovomera, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Ayi, mayi. Ndidadya ndekha, tsiku limodzi. Ndimafuna ndichire msanga."

Mayi Kuluthumu adaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango wawo.

"Njuchi zauluka nyengo yonse ya maluwa kuti zidzaze chitinichi, iwe wachimaliza masana amodzi. Dzuka, khala apa." Adalowa kuseri n'kubwera ndi tizidutswa titatu, tiwiri atatikulunga m'tsamba la nthochi. "Aka tafuna pompano ndikuona. Ako n'ka madzulo, kena n'ka m'mawa. Mawa ubwerenso."

Kuyambira pamenepo Dorica ankapita kusitoloko masana aliwonse. Ankatafuna atakhala pathumba la mchere, akumvetsera nkhani za ogula, ndipo madzulo ankafukiza mpaka thukuta litayenderera.

Tsiku lotsekera sukulu, nyimbo adayambitsa ndi Martina. Dorica adaima pamzere wakumbuyo, akuimba chapansipansi. Poyamba mtima unkawawa, koma Martina adaimba bwino, ndipo nyimbo itatha Dorica adawomba m'manja pamodzi ndi makolo onse. Pobwerera kunyumba awiriwo adagawana nzimbe imodzi.

Sabata yachiwiri ili kumapeto, Dorica adadzuka m'mawa kukatsegulira mbuzi. Atangochotsa mpiringidzo adabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Kenako adachotsa dzanja lija, n'kukokanso mpweya mwadala. Fungo loipalo lidalowa mpaka kumutu, pamodzi ndi la udzu wonyowa ndi mame komanso la mbatata yomwe amayi ake ankawotcha.

"Amayi, kholali likununkhatu," adatero akumwetulira.

ANabanda adatembenuza mbatata paphulusa.

"Lakhala likununkha mwezi wathunthu, ndipo tonsefe takhala tikulimva kupatula mwini ntchito. Tsache lili pakhomopo."

Dorica adatenga tsache lija, adamanga nsalu yake m'chiuno, n'kulowa m'kholamo.