Dzina Limene Linatsala pa Mlatho

Anakumana pa mlatho wa ngalande imene inkalekanitsa dera la Azungu ndi lathu, ku Pondicherry, mzinda wa Amwenye umene unkalamulidwa ndi Afalansa. Dengu la Kanagam, mtsikana wogulitsa maluwa, linagwa, ndipo Thangavelu, wophika wa kwa Mfalansa wina, anagwada m'fumbi n'kumatola limodzilimodzi.

Kuyambira pamenepo, madzulo alionse Thangavelu ankagula maluwa ofota amene ena awakana.

"Mupita nawo kuti ofotawa?" Kanagam ankafunsa.

"Afota ndi manyazi, duwa langa. Akhala pafupi ndi iwe tsiku lonse!"

"Bodza! Pakamwa panu paterera ndi batala wa abwana anu."

"Ndikulumbira, tikakolola mpunga ndidzakumanga chingwe chachikasu cha ukwati m'khosi, kukachisi, anthu akuona."

Kanagam ankayatsa nyali ya mafuta kukachisiko, n'kumatchula dzina la Thangavelu chapansipansi.

Pa chikondwerero cha Afalansa cha mu Julayi, asilikali akuguba m'mbali mwa nyanja, Kanagam anaona Thangavelu ali pamzere atavala yunifolomu.

"Thangavelu! Thangavelu!"

Sanacheuke. Mzungu wa pambali pake anamufunsa kanthu akuloza Kanagam, iye n'kupukusa mutu.

M'mawa mwake anatulukira pa mlatho.

"Usakwiye, wapamtima. Ndinapita kukhoti, ndinakana miyambo ya makolo, anandipatsa dzina. Tsopano ndine Julien, nzika ya France. Sitima ya pamadzi ya ku Saigon, kumene akunditumiza ngati msilikali, ikutidikira. Ungofufuta kadontho kofiira pachipumipo, tikakwatirane kwa meya."

"Nanga chingwe chija?"

"Anthu otsogola amavala mphete."

"Amayi anu akudziwa? Suja ndiwo anakunong'onezani dzinalo katatu m'khutu muli khanda?"

Anangoyang'ana nsapato zake zatsopano. Kodi dzina ndi malaya, oti munthu n'kuvula pakhomo la khoti?

Misozi inalengeza, koma Kanagam sanailole kugwa.

"Ine ndinkapempherera Thangavelu. Iwe sindikukudziwa."

"Udzafera padzuwa pano ndi dengu lakolo!"

"Ndidzafa ndili Kanagam. Suntha, ukutchingira ogula."

Mwa chizolowezi, Julien anatambasulira dzanja ku maluwa ofota. Kanagam anawaphimba ndi nsalu.

"Awa ali ndi mwini wake."

Madzulo anapita nawo kwa amayi a Thangavelu. Anawapeza atakhala pakhonde, nawamanga maluwawo m'tsitsi mwawo. Amayiwo anamugwira dzanja.

Kudoko sitima inalira. Kanagam sanacheuke.