Zipsera Zisanu ndi Ziwiri Kumwamba

Mtisunge anaona kuti bambo ake atsegula kale cholembera. Chinali pambali pa buku la mayina a akhristu, ndipo iye ankadziwa kuti mlembi wa mpingo satsegula cholembera pachabe. Mtisunge anaika kabokosi kake koonetsera zithunzi patebulo la m'chipinda cha akulu a mpingo, n'kukadina.

Denga lonse linasanduka thambo. Akulu khumi ndi awiri anakweza maso pamodzi, wina mpaka anagwira mpando.

Chithunzicho chinachokera ku Lichero, makina amene Mtisunge ndi anzake anamanga pamwamba pa phiri la Dedza m'chaka cha 2068. Anawatcha dzina limeneli chifukwa amapeta kuwala. Kuwala kwa dzuwa, kwa nyenyezi ndi kwa masetilaiti amakutaya ngati mankhusu, n'kutsala ndi kuwala kwakale zedi, kwa nthawi imene chilengedwe chinali khanda. M'kuwala kumeneko munapezeka zipsera zisanu ndi ziwiri zozungulira. Mayiko olemera anazifunafuna kwa zaka zambiri osazipeza. Anaziona koyamba ndi ana a konkuno.

"Apa ndi pamene chilengedwe chathu chinagundana ndi zinzake," anatero Mtisunge, mawu ake ali pansi monga mwa masiku onse. "Chathuchi sichili chokha. Zilipo zina, mwina zosawerengeka."

A Chidothi, mphunzitsi wopuma amene anabweretsa mlanduwu, anaimirira. "Mwamva nokha. Ife timaphunzitsa ana kuti dziko lino linakonzedwa mwaluso. Dzuwa silili pafupi kwambiri, sililinso kutali, ndiye wokonza alipo. Lero mwana uyu akuti zilipo zosawerengeka. Mukaponya miyala zikwi zikwi, umodzi ugwera m'dzenje ndithu. Ndiye ife ndife mwala wogwera mwangoziwo? Pa wailesi akutiseka. Dzina lake lichoke m'buku."

Abusa Kalilangwe anatsokomola. Mtisunge anamubatiza ndi iwowo, ndipo sankafuna kumutaya. "Dokotala, nkhaniyi ndi yapafupi. Ingonenani kuti Lichero latsimikiza kuti Mulungu ndi wamkulu kuposa m'mene tinkaganizira. Tilemba, tipemphera, tibalalika."

Mtisunge anayang'ana manja ake. Mawu amene abusa ankafunawo anali ochepa, osavuta kunena. Maliro a mayi ake anaimbidwa ndi mpingo uno. Akachotsedwa, wofufuta dzina lake adzakhala bambo ake omwe, ndi dzanja lawo.

"Abusa, pepani, sindinganene. Lichero limayeza kuwala basi. Silinaone Mulungu, silinaonenso kuti kulibe. Ndikati latsimikiza, ndanama, ndiponso ndanamira m'tchalitchi."

"Nanga iweyo umakhulupirira chiyani?" anafunsa a Chidothi.

"Ndimapemphera m'mawa uliwonse, aphunzitsi. Koma sindipemphera chifukwa cha makina."

Pamenepo bambo ake, a Kadzakumanja, anadzuka pang'onopang'ono. Anali asanamuyankhule chiyambire nkhaniyi kumveka pa wailesi.

"A Chidothi, kumunda kwanu kuja, pa phando mumaika njere zingati?"

"Zitatu. Za njere imodzizo ndi zanu, inu omvera alangizi."

Anthu anaseka.

"Zimamera zonse?"

"Ayi."

"Ndiye imene yamerayo yamera mwangozi, popanda wobzala?"

A Chidothi sanagwedezeke. "Ine ndimaika zitatu chifukwa sindidziwa imene imere. Mukuti Mulungu sadziwa?"

A Kadzakumanja anakanda m'mutu. "Apo mwandigwira. Kaya, mwina amangokonda kubzala."

"Bambo," anatero Mtisunge chapansipansi, "zimenezonso Lichero silinanene."

"Ndikudziwa, mayi. Ndanena ndine." Kenaka anatembenukira kwa akulu anzawo, mawu awo atakwera. "Ine za zilengedwe sindizimvetsa, ndipo a Chidothi andigonjetsa pamaso panu. Koma mwana uyu mwamutsegulira khomo lothawira, wakana. Ndinamulera ine ameneyu. Wofuna kufufuta dzina la munthu chifukwa wakana kunama, buku ndi ili, abwere afufute yekha."

Palibe anadzuka. Abusa anati aimike manja, ndipo asanu ndi anayi anati dzina likhale. A Chidothi ndi anzawo awiri anati lichoke, ndipo anapempha kuti maganizo awo alembedwe. A Kadzakumanja anawalemba bwinobwino, osadumpha liwu. Mtisunge sanaweramitse mutu.

Akuzimitsa kabokosi kaja, mayi Nangozo, mtsogoleri wa amayi a mumpingo, anamukoka mkono.

"Dokotala, mwati anagunda?"

"Inde, mayi, zinagundana."

"Kasanu n'kawiri konse? Ndiye munthu wagogoda pakhomo, inu mwamva, mwangokhala chete? Kwathu kuno?"

"Mayi, papita zaka mabiliyoni khumi ndi atatu. Mawu athu sangafikeko. Mwina kulibe ndi munthu yemwe."

"Mwina," anatero mayi Nangozo. "Mwanena nokha."

M'mawa mwake Mtisunge anafika paphiri isanakwane seveni, n'kupeza maminibasi atatu amagetsi ataima pageti. Amayi makumi anayi ndi mphambu, atavala yunifolomu ya mpingo, anali atakhala pa udzu moyang'anana ndi mbale zikuluzikulu za Lichero. Mlonda anati analephera kuwabweza chifukwa mmodzi mwa iwo anali apongozi ake.

Amayiwo anaomba m'manja mwaulemu, katatu. Mayi Nangozo anagwada, nayang'ana kumwamba.

"Odini, inu a kutsidya! Pepani tachedwa, sitinamve. Ife kuno tili bwino, mvula yagwa. Kaya inu anzathu?"

Onse anakhala chete kudikira, monga amachitira anthu akapereka moni. Kunkangomveka mphepo. Kumbuyo kwawo kunaima a Kadzakumanja, ndipo pambali pawo a Chidothi, chipewa chili m'manja, akuuza aliyense kuti iwo angobwera kudzaona.

Mnzake wa Mtisunge, injiniya Lipenga, anatuluka m'ofesi akuthamanga. "Dokotala, mafoni awo! Lichero likungomva iwowo. Tsiku lonse lawonongeka. Ndiwathamangitse?"

"Asiyeni. Atengereni mipando amene ali ndi vuto la miyendo."

Amayi anaimba nyimbo ziwiri, n'kupempha kuona zipserazo. Mtisunge anawalowetsa asanu asanu, nawaonetsa chilichonse, kuyankha zimene ankadziwa ndi kunena poyera zimene sankadziwa. Amayiwo anatsika phiri dzuwa lili paliwombo. Mtisunge anatsegula buku la ntchito, limene asayansi a mayiko ena amawerenga tsiku lililonse, nalemba m'Chichewa: "Lachisanu. Lero sitinayeze kanthu. Kunabwera anthu kudzayankha alendo."