Mpira Uthe Kaye

Lamlungu limenelo masana, Ulises analumikiza foni yake ku wailesi yakanema n'kuitsamiritsa pa botolo la tsabola. Timu ya mpira ya kwawo ku mzinda wa León inkalimbirana chikho, koma masewerowo ankaoneka pa intaneti pokha. Mayi ake anali ku msika kukagulitsa matamale, timikate ta ufa wa chimanga tophikira m'makoko, choncho m'nyumbamo anatsala iye ndi agogo ake aamuna, a Anastasio, amene anakalambira pa ntchito yosoka nsapato ndipo foni analibe.

Awiriwa anali ndi lamulo lawo: timu ikamatsogola, munthu sadzuka pampando, kuopa kuthamangitsa mwayi. Analiyambitsa ndi agogowo, ndipo Ulises ankalisunga kuposa malamulo a kusukulu. Tsiku limeneli timu inagoletsa msanga, onse n'kuuma pamipando yawo.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, agogo anayankhula motsitsa mawu.

"Ulises, mwanawe, dzanja langali lachita dzanzi."

"Mwalitsamira nthawi yaitali, agogo. Musasunthetu, tikutsogola!"

"Iyayi, ili si dzanzi wamba. Taimbira mayi ako."

"Aa, agogo! Ndikaimba, chithunzi chizima. Mpira uthe kaye. Si inu nomwe munandiphunzitsa?"

Agogo anayesa kuseka, koma mlomo unakwera mbali imodzi yokha. "Kamwana kamakani iwe," anatero, mawu akutuluka ngati ali ndi mbatata yamoto m'kamwa.

Ulises sanali mwana woipa mtima ayi. Agogo akewo ankawakonda kwambiri. Koma mpira ukamulowa munthu m'mutu, makutu amatseka. Tambula itapulumuka m'dzanja la agogo n'kusweka pansi, Ulises anacheuka. Anaona ndithu kuti zinthu sizili bwino. Anayang'ana foni, anayang'ananso nthawi pakona ya kanema, kenaka anadziuza kuti mphindi makumi anayi zotsalazo si kanthu. Nthawi yomweyo adani anaponya mpira wa pakona, ndipo maso ake anabwerera komweko.

Wezulo yomaliza italira, analumpha mpaka mpando kugwa.

"Agogo, chikho chathu! Agogo!"

Agogo anali atapendekeka pampando, malovu akutsikira pa malaya a timu, maso ali pa iye koma osatulutsa liwu. Apa mpamene Ulises anazula foni ija n'kuimbira ambulansi, kenaka mayi ake.

Mpira uli mkati, misewu ya León inali yopanda ndi galu yemwe. Tsopano mzinda wonse unali utakhuthukira panja ndi mbendera, ng'oma ndi mahutala. Ambulansi inalira mpaka kutopa, anthu akuivinira kutsogolo. Ulendo wa mphindi khumi unadya maola awiri, kubwera ndi kupita.

Kuchipatala Ulises anapeza mayi ake atafika kale wapansi, epuloni ya kumsika ikadali m'chiuno. Patapita nthawi dokotala anatuluka.

"Ndi sitiroko," anatero. "Moyo taupulumutsa, koma kuyankhula n'kokayikitsa. Matendawa amawononga ubongo mphindi iliyonse. Ndiuzeni, zinayamba nthawi yanji?"

"Mwanayu ndiye anali nawo," anayankha mayi ake. "Anaimba atangoona. Si choncho, Ulises?"

Bodza linali pafupi, ndipo munthu yekhayo amene akanalitsutsa anali atagona m'chipindamo wopanda mawu. Ulises anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire.

"Ayi, amayi," anatero akuyang'ana pansi. "Zinayamba chigawo chachiwiri chitangoyamba. Anandipempha kuti ndikuimbireni."

Mayi ake anatembenukira kwa iye. Sanakalipe, sanakweze dzanja.

"Ndiye iwe unawayankha chiyani?"

Ulises anatsegula pakamwa, koma mawu atatu amene anawauza agogo ake anakana kutuluka. Anakhala pansi m'khonde la chipatalalo n'kuyamba kulira.